Dziwe la mayadi 25: mmene mayunivesite a ku America amasakira osambira, ndi amene amalipira zonsezo

Madzulo a pa 31 Julaye 2024, mu La Défense Arena ku Paris, Léon Marchand, mnyamata wa zaka 22 wa ku Toulouse, anapambana golide pa mamita 200 a butterfly. Anatuluka m'madzi, anaimirira kumvera nyimbo ya fuko lake, ndipo maola awiri asanakwane anabwerera kudzatenga golide wina pa mamita 200 a breaststroke. Masewera a Olympics aja pomatha, anali ndi mamendulo agolide 4. France yonse inamuimbira. Koma zaka zitatu zimene zinamusula kufika pamenepo sanazikhale kwawo ayi. Anali ku Tempe, m'chipululu cha Arizona, monga wophunzira wa pa Arizona State University, akudzuka m'bandakucha kupita kudziwe kenako n'kulowa m'kalasi. Chiyambi chake chinali imelo imene analembera Bob Bowman, mphunzitsi wakale wa Michael Phelps, ngwazi yosambira ya ku America, mu 2020, kufunsa ngati pali malo m'timu. Bowman anayankha.

Kwa ife ozolowera kuti wosewera amakulira m'timu ya m'dera kenako kalabu yaikulu n'kumugula, zimadabwitsa kumva kuti ku America ntchito yokulitsa akatswiri a masewera ambiri ili m'manja mwa sukulu zaukachenjede. Boma la kumeneko lilibe unduna wa zamasewera umene umapereka malipiro kwa osambira. Maiwe abwino, makochi olembedwa ntchito chaka chonse, madokotala a minofu, chakudya, ndalama zoyendera, zonsezi zili pa yunivesite. N'chifukwa chake mwana wa ku France, ku Hungary, ku Singapore kapena ku Zimbabwe amene amathamanga m'madzi amayang'ana komweko. Koma ndikufuna ndinene poyambirira penipeni: kochi wa pa yunivesite salembedwa ntchito kuti apange ngwazi za Olympics. Amalembedwa kuti apeze mapointi m'mwezi wa Malichi, ndipo ndalama zimene amagwiritsa ntchito sizichokera m'dziwe lake. Mfundo ziwirizi ndi zimene zimalamulira amene amatengedwa ndi amene amasiyidwa.

Mipikisano ya mayunivesitewa imayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, lomwe linayamba mu 1906 ndipo likulu lake lili ku Indianapolis. Muli sukulu zopitirira 1,000, ndipo kuyambira 1973 zinagawidwa patatu. Division I ndi ya sukulu zikuluzikulu zamatumba akuya. Division II ndi yapakati, ndipo imaperekako masikolashipu ochepa. Division III sipereka sikolashipu yamasewera ngakhale tambala, koma si kuti kumeneko amangosewera: timu ya anyamata ya Kenyon College ku Ohio inatenga chikho cha gawoli zaka 31 zotsatizana, kuyambira 1980 mpaka 2010. Sukulu za Ivy League monga Harvard, Yale ndi Princeton zili mu Division I koma nazonso sizipereka sikolashipu yamasewera. Zimathandiza wophunzira malinga ndi kusowa kwa banja lake.

Chimene kochi amayang'ana

Dziwe la Olympics ndi lalitali mamita 50. La mipikisano ya NCAA ndi la mayadi 25, omwe ndi mamita 22.86, losafika ndi theka lomwe. Munthu angati kusiyana kumeneku n'kwakung'ono, koma kumasintha masewera onse. Lamulo limalola wosambira freestyle, butterfly kapena backstroke, kusambira chagada kuja, kuyenda pansi pa madzi mpaka mamita 15 akangodumpha komanso nthawi iliyonse akatembenuka pakhoma. Tiwerengere limodzi. Pa mamita 100 m'dziwe lalitali, munthu amadumpha kamodzi n'kutembenuka kamodzi, choncho angakhale pansi pa madzi mamita 30 okha. Pa mayadi 100, omwe ndi mamita 91 ndi pang'ono, amadumpha kamodzi n'kutembenuka katatu, ndipo angakhale pansi mamita 60. Magawo awiri mwa atatu a mpikisano wonse amatha kuchitika mutu usanatuluke.

Mukaonera Gretchen Walsh wa ku Virginia mudzamvetsa. Akafika pakhoma amadzikankha ndi mapazi onse, manja atawatambasula kutsogolo chikhatho pamwamba pa chinzake, mutu uli pakati pa mikono, thupi lonse likugwedera kuchokera pachifuwa mpaka kuzala ngati nsomba. Anzake akamatulukira pamwamba kuti ayambe kupalasa, iye amakhala akadali pansi, ndipo akamavuuka amakhala atawasiya kale. Mu 2025 anasambira mayadi 100 a butterfly m'masekondi 46.97. Kochi akamaonera vidiyo ya mwana wa zaka 16, maso ake amakhala pakhoma pomwepo. Mwana wopalasa mokongola koma wofooka potembenuka ndi wotchipa ku NCAA, ngakhale atakhala katswiri wa dziko lake m'dziwe lalitali.

Kenako pali kawerengedwe ka mapointi, komwe kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Pa mpikisano waukulu wa m'Malichi, mapointi amapita kwa anthu 16 oyamba pa mtundu uliwonse wa mpikisano: woyamba 20, wachiwiri 17, wachitatu 16, kutsika mpaka pointi imodzi. Pa mipikisano yopatsirana ya anthu anayi, mapointi amawirikiza, kotero timu yopambana imatola 40. Mipikisano yopatsiranayi ilipo 5, ndipo 4 mwa iyo ndi ya mtunda waufupi, munthu aliyense mayadi 50 kapena 100. Wosambira mmodzi amaloledwa kulowa mipikisano 7, ndipo ya yekha isapitirire 3.

Tsopano taganizirani ana awiri ali pa tebulo la kochi. Wina ndi wa liwiro pa mayadi 50 ndi 100. Ameneyo angalowe mipikisano yake 3 komanso yopatsirana 4. Winayo ndi wopirira pa mtunda wautali, mayadi 1,650 ndi 500. Ameneyo mwina angathandizeko pa wopatsirana umodzi wokha wa mayadi 800. Onse awiri akhoza kukhala aluso mofanana, koma woyambayo amabweretsa mapointi ochuluka, ndipo ndalama zimatsata iyeyo. Si tsankho ayi, ndi masamu. Odumphira m'madzi kuchokera pamwamba nawo mapointi awo amalowa m'thumba lomwelo, n'chifukwa chake sukulu ngati Purdue, Indiana ndi Texas zakhala zikuwasamala kwambiri.

Nthawi imene mwana wasambira ili poyera, aliyense angaione pa intaneti. Mawebusaiti ngati Swimcloud amasanja ana onse malinga ndi nthawi zawo, ndipo SwimSwam imatulutsa mndandanda wa ana 20 apamwamba a chaka chilichonse. Ntchito yeniyeni ya kochi ndi kuona zomwe nambala sinena. Kodi mwanayu akukulabe msinkhu kapena anakula msanga n'kuima? Kodi nthawi yakeyo waipeza akusambira kasanu pa sabata kapena kakhumi? Mwana amene wafika pa nthawi yabwino asanagwireko zitsulo zolimbitsa thupi ali ndi malo okulira. Amene kalabu yake inamufinya kale madzi onse ali ndi zaka 15, mwina wafika pamapeto pake. Kochi amaimbira mphunzitsi wa ku kalabu kufunsa mmene mwanayo amachitira akagonja, ngati amafika pa nthawi m'mawa wozizira, ndiponso mmene makolo ake amalankhulira.

Tsiku la 15 Juni

Sekondale ya ku America ndi ya zaka zinayi. Malinga ndi lamulo lomwe linayamba mu 2019, kochi wa Division I saloledwa kuimbira kapena kulembera wosambira mpaka pa 15 Juni mwanayo akamaliza chaka chachiwiri. Lamuloli linabwera pofuna kuletsa chizolowezi chomangirira ana adakali aang'ono kwambiri. Tsikulo likafika, foni ya mwana waluso siipuma. Kuyambira pa 1 Ogasiti angayambe maulendo okaona sukulu omwe sukuluyo imalipira, ndipo ulendo uliwonse usapitirire mausiku awiri. Kale maulendo oterewa ankalekezera pa 5, koma malire amenewo anachotsedwa mu 2023. Pa ulendowu mwana amagona ku hositelo ndi osambira a timuyo, amaonera akuphunzira, amadya nawo, ndipo kawirikawiri amapita naye kukaonera American football m'bwalo lodzaza anthu masauzande ambiri. Osambira akalewo nawonso amakhala akumuyeza, ndipo kochi amawafunsa maganizo awo mlendo akachoka.

Zotsatira zake n'zakuti ana ambiri apamwamba amalonjeza sukulu pakamwa m'miyezi yoyambirira ya chaka chawo chachitatu, kutatsala pafupifupi zaka ziwiri kuti akayambe. Amajambulitsa atavala chipewa cha sukuluyo n'kuika pa Instagram. Apa m'pamene makolo ambiri amalakwitsa. Lonjezo lapakamwa silimanga aliyense. Kochi angachoke n'kupita kwina, wobwera m'malo mwake n'kukhala ndi maganizo ena. Mwana angavulale phewa. Ofesi yolandira ophunzira ingakane chifukwa cha magiredi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chomanga ndi pepala losainidwa m'chaka chomaliza cha sekondale, kuyambira mu Novembala. Kwa zaka zambiri pepalali linkatchedwa National Letter of Intent, koma Division I inalithetsa mu Okutobala 2024, ndipo tsopano mwana amasaina mgwirizano wa thandizo la ndalama ndi sukuluyo mwachindunji.

Pali chipata chinanso cha maphunziro. Ofesi ya NCAA Eligibility Center imafufuza masatifiketi a mwana aliyense, wa kunja yemwe, kuona ngati anaphunzira maphunziro 16 ofunika ndi kukhoza pa mlingo woyenera, komanso ngati sanalandirepo malipiro ngati katswiri wolembedwa ntchito. Mfundo yomalizayi ndi imene inachititsa kuti Michael Phelps asasambireko mu NCAA: anasaina ndi kampani ya Speedo mu 2001 ali ndi zaka 16. Missy Franklin anachita zosiyana. Atapambana magolide 4 ku London mu 2012, anakana ndalama za makampani kuti akasambire ku University of California ku Berkeley zaka ziwiri.

Nambala ya 9.9

Anthu ambiri akamva kuti mwana wapeza sikolashipu ku America amaganiza kuti zonse zalipiridwa. Pa kusambira sizinkakhala choncho kawirikawiri. Mpaka 2025, timu ya anyamata ya Division I inkaloledwa masikolashipu 9.9 okha, ya atsikana 14. Ku Division II malire anali 8.1 mbali iliyonse. Kochi ankaloledwa kuwadula zidutswazidutswa. Timu ya anyamata 30 ikagawana 9.9 mofanana, aliyense akanalandira gawo limodzi mwa atatu la mtengo wa sukulu, koma sankagawana mofanana. Akatswiri awiri kapena atatu ankatenga yathunthu, ena theka, ena ndalama ya mabuku yokha, ndipo ena ankasambira popanda kalikonse chifukwa chongokonda. Pa sukulu zina zomwe si zaboma, fizi, malo ogona ndi chakudya zimapitirira madola 80,000 pachaka, kotero ngakhale theka la sikolashipu limasiyira banja katundu wolemera.

Kuti atsikana akhale ndi 14 pamene anyamata ali ndi 9.9, gwero lake ndi lamulo la Title IX la mu 1972, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma. American football inkatenga masikolashipu 85 a amuna okhaokha, ndiye kuti sikelo ilingane, masewera ena a akazi ankapatsidwa ochuluka. Lamuloli linatsegulira atsikana khomo lomwe linali lotseka, ndipo mpikisano woyamba wa NCAA wa osambira aakazi unachitika mu 1982. Ena amaliloza chala timu ya anyamata ikathetsedwa. Ine sindigwirizana nawo. Lamulo silinauze sukulu iliyonse kuti itseke dziwe. Amasankha okha akuluakulu a zamasewera, amene safuna kukhudza bajeti ya football.

Alendo m'dziwe

Popeza kochi amafuna mapointi, sasamala kuti pasipoti ndi ya dziko liti. Ife a kuno kumwera kwa Africa tili ndi zitsanzo zapafupi. Kirsty Coventry wa ku Harare anapita ku Auburn University ku Alabama, m'timu ya David Marsh, ndipo anathandiza timuyo kutenga chikho cha NCAA mu 2003 ndi 2004. Chaka chomwecho cha 2004 anabwera kuchokera ku Athens ndi golide, siliva ndi bulonzi. Pamodzi ndi za ku Beijing mu 2008, mamendulo ake anakwana 7, ndipo mu Malichi 2025 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa International Olympic Committee, mayi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa pa mpandowo. Penny Heyns wa ku South Africa, amene anapambana magolide awiri ku Atlanta mu 1996, anaphunzira ku Nebraska. Mwa anyamata anayi a ku South Africa amene anagonjetsa America pa wopatsirana wa mamita 400 ku Athens, atatu, Roland Schoeman, Ryk Neethling ndi Lyndon Ferns, anasulidwa ku University of Arizona ndi Frank Busch.

Ku America komweko pali odandaula kuti sukulu zawo zikuphunzitsa alendo amene amadzawagonjetsa. Amakumbukira Rio mu 2016, pamene Joseph Schooling wa ku Singapore, wophunzira wa ku Texas, anagonjetsa Phelps pa mamita 100 a butterfly. Koma njirayi imabwezanso. Anthony Nesty wa ku Suriname anapambana golide ku Seoul mu 1988, anasambira ku Florida, anadzakhala kochi wamkulu pomwepo, ndipo mu 2024 ndi amene anatsogolera timu ya amuna ya America ku Paris.

Kwa kholo la ku Malawi kapena ku Zambia limene mwana wake akusambira bwino, pali choonadi chimene ndi bwino kuchimva msanga. Osambira a ku Malawi amene afika ku Olympics m'zaka zaposachedwa alowera pa mipata yosungidwira mayiko omwe alibe wosambira wofika pa nthawi yoyenereza. Ndi ulemu waukulu, koma kochi wa timu yapamwamba ya Division I sagula mbendera. Amatenga nthawi ya mwanayo ya m'mamita, n'kuisintha kukhala ya m'mayadi, n'kuona ngati ingapeze pointi pa mpikisano wa chigawo chake, kutanthauza gulu la sukulu zimene zimapikisana pakati pawo. Ngati siingapeze, palibe ndalama. Mwayi weniweni wa ana ambiri uli ku sukulu zazing'ono za Division I, ku Division II, kapena ku Division III komwe magiredi abwino amabweretsa thandizo loposa la masewera. Dziwaninso kuti ngakhale kuyambira pa 1 Julaye 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina ndi nkhope zawo potsatsa malonda, wophunzira wakunja wa viza ya ophunzira yotchedwa F-1 ali ndi malire okhwima pa ntchito zolipidwa ali m'dzikomo.

M'manja mwa kochi

Mwana akafika, moyo wake umasanduka wa wotchi. Lamulo limati maphunziro a masewera asapitirire maola 20 pa sabata ndi maola 4 patsiku, ndipo pakhale tsiku limodzi lopuma. Maulendo, kuthandizidwa minofu ndi zina zotchedwa zongodzipereka siziwerengedwa, choncho nthawi yeniyeni imaposa pamenepo. Cha m'ma 6 koloko m'mawa kunja kudakali mdima, dziwe likununkha klorini, osambira ataima m'mbali atavala zipewa za labala, aliyense akuzengereza kudumpha. Pa bolodi kochi walemba, tinene, mayadi 100 kakhumi, ulendo uliwonse kunyamuka pakatha mphindi imodzi ndi masekondi 10. Ukamaliza m'mphindi imodzi, wapuma masekondi 10. Ukatopa n'kumaliza mochedwa, mpumulo umachepa pamene ukuufunitsitsa. Pakhoma pali wotchi yaikulu, ndipo siimva chisoni. Kaphunzitsidwe kodalira wotchi yotereyi kanafalitsidwa kwambiri ndi Doc Counsilman wa ku Indiana, amene anaphunzitsa ngwazi ya Olympics Mark Spitz ndi kutenga zikho 6 zotsatizana kuyambira 1968 mpaka 1973.

Nyengo imayamba cha mu Seputembala. Miyezi yonse ya mipikisano ya sukulu ziwiriziwiri, osambira amapikisana ali otopa dala. Luso lalikulu la kochi limaoneka kumapeto, pa chimene amati taper: kuchepetsa ntchito pang'onopang'ono kwa milungu ingapo kuti thupi lotopa lija litsitsimuke pa tsiku loyenera. Wamphamvu wa minofu ikuluikulu amafuna kupuma nthawi yaitali, wa mtunda wautali yochepa. Usiku woti mawa ndi mpikisano amameta tsitsi la m'mikono ndi m'miyendo, m'mawa n'kuvala suti yothina imene imatenga mphindi zambiri kuti ilowe. Vuto ndi lakuti mipikisano ikuluikulu ndi iwiri, wa chigawo mu Febuluwale ndi wa dziko lonse mu Malichi. Ukamupumitsa mokwanira pa woyamba kuti apeze nthawi yoyenereza, angafike pa wachiwiri mphamvu zitayamba kutsika. Kochi wa anthu 30 amayenera kuweruza zimenezi pa munthu aliyense payekha.

Njira zake n'zosiyana. Eddie Reese anaphunzitsa anyamata a Texas kuyambira 1978 mpaka 2024 ndipo anatenga zikho 15, kuposa wina aliyense mu Division I. Ankadziwika potenga anyamata osatchuka n'kuwakulitsa modekha. Todd DeSorbo anafika ku Virginia mu 2017, sukulu yomwe inali isanatengepo chikho cha kusambira, ndipo atsikana ake anapambana kasanu motsatizana kuyambira 2021 mpaka 2025. Iye amatsindika liwiro ndi kuyenda pansi pa madzi kuposa kuunjika makilomita, ndipo timu yake yakhala ikugwira ntchito ndi katswiri wa masamu Ken Ono, yemwe amamangirira tizipangizo m'chiuno mwa osambira kuti aone pamene liwiro likutayikira.

Koma pali mbali imene siiyenera kubisidwa. Munthu mmodzi yemweyo ndi amene amasankha wolowa mpikisano, amagawa ndalama, ndipo kwa mlendo, malo ake m'timu ndiwo amamuthandiza kukhalabe pasukulu. Mphamvu zochuluka chonchi pa mwana wa zaka 18 amene ali kutali ndi kwawo n'zoopsa zikagwera m'manja molakwika. Mu Januwale 2023, University of California ku Berkeley inachotsa ntchito Teri McKeever, amene anali atatenga zikho 4 za NCAA komanso anali mayi woyamba kutsogolera timu ya akazi ya America ku Olympics mu 2012. Kafukufuku wa maloya amene sukuluyo inawalemba anapeza kuti ankazunza osambira ndi mawu komanso kuwasala. Madandaulo anali atamveka kwa zaka, koma zikho zinkabwera. Kholo lopita ndi mwana kukaona sukulu lizifunsa funso limodzi losavuta: mwa ana amene analowa zaka zinayi zapitazo, ndi angati akadali m'timu? Kuyambira mu Okutobala 2018 pali transfer portal, kaundula amene wosewera amalembetsamo akafuna kusamuka popanda kupempha chilolezo cha kochi. Zapatsa ana pothawira, ngakhale zapatsanso makochi msika wogulako anthu okhwima kale m'malo modikira mwana wa sekondale kuti akule.

Mlandu wa House

Kusambira sikubweretsa phindu pa yunivesite. Dziwe limadya ndalama za magetsi, zotenthetsera madzi ndi mankhwala, ndipo olipira pakhomo ndi ochepa. Ndalama zimachokera ku makontirakiti a wailesi yakanema a American football ndi basketball ya amuna. N'chifukwa chake football ikasuntha, osambira amangotsatira. Chigawo cha Pac-12 chitaphwasuka mu 2024 chifukwa cha ndalama za pakanema, Stanford ndi California, sukulu za m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, zinalowa chigawo cha ACC cha kugombe la Atlantic. Matenda a Covid-19 atachepetsa ndalama mu 2020, Iowa ndi Michigan State analengeza zothetsa matimu awo osambira. Atsikana a Iowa anapita kukhoti pogwiritsa ntchito Title IX ndipo timu yawo inabwezedwa. Ya anyamata sinabwerere.

M'chaka chomwecho cha 2020, wosambira wina wa ku Arizona State, Grant House, amene pambuyo pake anadzasambira timu imodzi ndi Marchand, anasumira NCAA pamodzi ndi wosewera basketball Sedona Prince. Mfundo yawo inali yakuti sukulu, makochi ndi makampani a kanema akupha mabiliyoni pa thukuta la osewera amene akuletsedwa kulandirako. Pa 6 Juni 2025, woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlanduwo. Mgwirizanowo unati osewera akale adzalandira chipukutamisozi cha madola pafupifupi 2.8 biliyoni pa zaka 10. Sukulu iliyonse yolowa mu dongosololi inaloledwa kulipira osewera ake mwachindunji mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba, ndipo gawo lalikulu kwambiri likupita ku football ndi basketball. Malire a 9.9 ndi 14 anathetsedwa kwa sukulu zimenezi. M'malo mwake munabwera malire a chiwerengero cha anthu m'timu: amuna 30, akazi 30, kuphatikizapo odumphira m'madzi. Chigawo cha SEC, momwe muli Texas, Florida, Georgia ndi Auburn, chinatsitsa cha amuna kufika pa 22.

Ine ndimaona kuti House anali ndi mfundo yolungama. Anyamata a football, ambiri ochokera m'mabanja osauka, akhala akuthyoka mawondo ndi kuvulala mitu kuti ena alemere, ndipo ndalama zawo ndi zimene zinkatenthetsa madzi a maiwe. Sizikanapitirira choncho. Koma walira mvula walira matope, ndipo matopewo agwera munthu amene analibe mawu pa zokambirana. Pamapepala, sukulu tsopano ingapereke sikolashipu yathunthu kwa onse 30, koma ndi zochepa zokha zimene zili ndi ndalama zotero, choncho mpata pakati pa matimu olemera ndi ena ukukula. Matimu amene anali ndi anthu 35 kapena 40 anayamba kuuza ena kuti malo atha mgwirizano usanavomerezedwe n'komwe, ndipo ana ena a sekondale amene anali atavala kale chipewa chija anaimbiridwa foni yowabweza. Woweruza Wilken anakana kusaina mu Epulo 2025 mpaka atakonza mbali imeneyi, ndipo zinatha ndi mfundo yakuti amene anakhudzidwa kale asawerengedwe pa malirewo ngati sukulu yafuna kuwasunga. Obwera m'mbuyo mwawo alibe chitetezo chimenecho.

Amene ndimamudandaula ndi mnyamata wochedwa kukula. Pa kusambira kwa amuna, ambiri amapeza mphamvu zawo zenizeni ali ndi zaka 20 kapena 21. Kale wotereyu ankalowa m'timu wopanda sikolashipu, n'kumasambira m'mzere wakumapeto, ndipo pofika chaka chachitatu ena mwa iwo ankadabwitsa aliyense. Kochi wa malo 22 okha sangathenso kudikira munthu wotero. Malo aliwonse ayenera kubala mapointi chaka chomwecho, ndipo njira yachidule ndi kutenga wosamuka wa ku transfer portal kapena mlendo wa zaka 20 amene wasambirapo kale pa mipikisano ya dziko lonse lapansi.

Mu Malichi 2025, Cal Poly ku California inalengeza kuti yathetsa matimu ake onse awiri osambira, ndipo inatchula ndalama zimene itaye chifukwa cha mlandu wa House ngati chimodzi mwa zifukwa. Osambira ndi makolo awo anauzidwa kuti akapeza madola mamiliyoni ambiri timu ibwerera. Anasonkha kwa miyezi, anapeza mamiliyoni angapo, koma sanafike pa nambala imene sukulu inafuna. Zofanana ndi zimenezi zinachitikapo ku Tempe. Mu Meyi 2008, Arizona State inathetsa timu ya anyamata osambira chifukwa cha kuchepa kwa ndalama, ndipo inabwerera kokha chifukwa osambira akale ndi makolo anasonkha ndalama zokwanira. Bowman anafika pa timu imeneyo mu 2015, House mu 2017, Marchand mu 2021, ndipo mu Malichi 2024 inatenga chikho chake choyamba cha NCAA. Patangopita masiku ochepa, Bowman anasamukira ku Texas kukalowa m'malo mwa Eddie Reese.